MITSEMPHA YA MAGAZI NDI MOYO WA MAYI

Nkhani yokamba ndi amayi pa sikelo ya ana m'boma la Mchinji

Tikudziwa kuti ambiri mwa inu mwalawirira m'bandakucha, mwana kumbuyo, kabuku kake m'manja, kuti mufike dzuwa lisanakwere. Kaya nkhaniyi mukuimvera pa chipatala cha pa boma, kaya ku Kapiri, ku Ludzi, kwa Mkanda, kapena pansi pa mtengo pamene alangizi a zaumoyo amapachika sikelo, tikuthokozani chifukwa cha khama lanu.

Mwezi ndi mwezi timayeza mwana, ndipo mzere wa m'kabuku kake ukatsika mumada nkhawa. Izi nzoyenera. Koma lero tikufunsani inu eni: kodi munayezedwa liti komaliza? Ambiri mudzayankha kuti ndi pamene munali ndi pakati pa mwana amene mwaberekayo. Chibadwire mwanayo, palibe amene wakumangani lamba woyezera magazi pa mkono.

Mwana wosakwana zaka 5 moyo wake umatsamira pa mayi wake. Mayi akagwa, phala limachedwa, katemera amaphonyeka, ndipo munda umamera tchire. Nchifukwa chake lero tikambirana za matenda a mitsempha ya magazi. Ambiri mwa matenda amenewa amayamba mwakachetechete, munthu akulima ndi kuseka ngati masiku onse. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Mitsempha ndi ntchito yake

Pa Chichewa mawu akuti mtsempha timatchulira zinthu zingapo, ngakhale ija yolimba ya m'nyama imene imakanika kutafuna. Imene tikunena lero ndi mitsempha yoyendamo magazi.

Mtima wa munthu ndi waukulu ngati chibakera chake, ndipo ntchito yake ndi kupopa, monga umo mjigo umapopera madzi. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. M'thupi lake muli magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo onsewo amazungulira thupi ndi kubwerera ku mtima pa mphindi imodzi yokha. Dokotala wa ku England, William Harvey, ndiye analongosola za kuzungulira kumeneku m'chaka cha 1628.

Mitsempha ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa mitsempha yotuluka mu mtima, imene imatenga magazi okhala ndi mpweya wabwino ndi chakudya kupita nawo ku ubongo, ku impso, ku chiberekero, mpaka ku zala za kumapazi. Imeneyi ndi yochindikala ndiponso yotamuka ngati mphira. Taikani zala ziwiri pa mkono wanu, m'munsi mwa chala chachikulu. Kugunda kumene mukukumvako ndi magazi akudutsa mu mtsempha wa mtundu umenewu.

Mtundu wachiwiri ndi wa mitsempha yobwezera magazi ku mtima. Ndiyo imene mumaiona kuseri kwa dzanja. Imeneyi ndi yopyapyala, ndipo ya m'miyendo ili ndi ntchito yolemetsa, pakuti imakweza magazi chitunda kuchokera ku mapazi kufika m'chifuwa. Zimaithandiza ndi zinthu ziwiri. M'kati mwake muli tizitseko timene timatsegukira kumwamba kokha, kuti magazi asabwerere pansi. Ndiponso munthu akamayenda, akatumba a m'miyendo amafinya mitsemphayo ndi kukankhira magazi m'mwamba. Musungire mfundo imeneyi, tiipeza kutsogoloku.

Kuthamanga kwa magazi

Matenda amene amawononga mitsempha ya anthu ambiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene anthu amangoti BP. Dzinali lisakusokonezeni. Sikuti mtima umagunda msangamsanga ayi, koma kuti magazi amakankha makoma a mitsempha ndi mphamvu yopitirira muyeso, usana ndi usiku.

Inu amene mumathirira mbewu ku madimba a m'mbali mwa Bua ndi Rusa mukudziwa zimene zimachitika payipi ikapanikizika. Wopalasa mpope amatopa msanga, ndipo payipiyo imaphulika pamene pali pofooka. Mitsempha ikauma ndi kuchepa njira, mtima umavutika chimodzimodzi, ndipo mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo, m'maso ndi mu impso imawonongeka.

Anamwino akakuyezani amalemba manambala awiri. Ya pamwamba imasonyeza mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, ya pansi pamene mtima wapuma. Manambala a 120/80 ndi abwino. Akapezeka 140/90 kapena kupitirira apo pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti munthuyo ali ndi matendawa.

M'chaka cha 2009 Unduna wa za Umoyo, mothandizana ndi bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO, unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi magazi othamanga, m'midzi ndi m'matauni momwe, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse a iwowo sanali pa mankhwala. Chotero tisamanene kuti awa ndi matenda a mabwana a ku Lilongwe. Mayi woonda, wolima tsiku ndi tsiku, angathe kukhala nawo. Ena amamva mutu kapena chizungulire, koma ambiri samva kanthu. Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuyezetsa.

Mtsempha ukatsekeka kapena kuphulika

Zaka zikamapita, m'kati mwa mitsempha yotuluka mu mtima mumakanirira mafuta, monga umo matope amakanirira m'ngalande. Njira imachepa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina magazi amaundana pamalopo n'kutsekeratu. Chiwalo chimene chinali kudyera pa mtsemphawo chimayamba kufa.

Zimenezi zikachitika mu ubongo, kapena mtsempha wa mu ubongo ukaphulika, munthu amadwala sitiroko, ndiko kufa kwa ziwalo mwadzidzidzi. Zizindikiro zake ndi zitatu: pakamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kulefuka, ndi lilime kulemera kotero kuti mawu samveka. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, mugonekeni munthuyo cham'mbali, musamupatse chakudya kapena madzi pakuti angatsamwe, ndipo funani galimoto nthawi yomweyo. Ngakhale zizindikirozo zithe zokha patapita kamphindi, mupite nayebe. Limenelo ndi chenjezo lakuti yaikulu ili pa njira.

Pakuti matendawa amagwa ngati mphezi, m'midzi mwathu anthu amafulumira kunena kuti wamenyedwa hamala ndi mfiti. Tsiku limatha akufunafuna wolodza, ndipo chala chimaloza agogo osalakwa, pamene wodwalayo ubongo wake ukunka nuwonongeka. Amayi, chimene chamugwetsa ndi mtsempha, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi magazi amene anathamanga zaka zambiri osayezedwa.

Mtsempha wodyetsa mtima weniweniwo ukatsekeka, munthu amamva kulemera pa chifuwa ngati wamusanjika thumba la chimanga, ululu umatsikira ku mkono kapena kukwera ku chibwano, ndipo amatuluka thukuta lozizira. Amayi ena amangomva befu, mseru ndi kufooka kosadziwika. Awanso ndi a ku chipatala msanga.

Ikachepa njira mitsempha ya m'miyendo, katumba amapweteka munthu akayenda mtunda, n'kuleka akaima. Phazi limazizira, chilonda chaching'ono chimakana kupola, chala chimada, ndipo akachedwa madokotala amakakamizika kudula. Impso nazo zimatha mphamvu, ndipo maso amachita khungu.

Zimene zimawononga mitsempha

Pali zina zimene sitingathe kuzisintha. Mitsempha imauma munthu akamakalamba, ndipo matendawa amayenda m'mtundu. Ngati amayi anu, abambo anu kapena achemwali anu ali ndi BP kapena anafa ziwalo, inunso muziyezetsa kawirikawiri. Koma zambiri zili m'manja mwathu, makamaka m'manja mwa amene agwira mthiko.

1. Mchere. Mchere umakoka madzi m'thupi ndi kukweza BP. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Mchere wina ndi wobisika: uli mu nsomba zouma zothira mchere, m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi, mu tchipisi ndi kanyenya wa pa msika. Soda amene timathira m'thelere ndi m'masamba nayenso ndi mbale wake wa mchere, ndipo amaphanso mavitamini. Chepetsani pang'onopang'ono, pakatha milungu ingapo lilime limazolowera. Wochepa umene mukuthirawo ukhale wa ayodini.

2. Fodya. Boma lathu lino ndi la alimi a fodya, ndipo mabanja ambiri aphunzitsa ana ndi ndalama zake. Koma utsi wake umafinya mitsempha, umakanda makoma ake a m'kati ndi kuchititsa magazi kuundana msanga. Ndudu ya m'sitolo ndi chingambwe chopichira pa khomo mphamvu yake yowononga ndi imodzi, ndipo fodya wa m'mphuno kapena woika m'kamwa naye amakweza BP. Bambo akamasutira m'nyumba, mayi ndi khanda amasuta nawo. M'chaka cha 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la maiko la WHO lochepetsa kusuta fodya, koma lamulo loyamba liyenera kukhala la pa khomo panu: m'nyumba mogona ana sasutiramo.

3. Utsi wa m'khitchini. Mayi wophikira pa mafuwa m'kanyumba kopanda zenera amapuma utsi maola ambiri, mwana ali kumbuyo. Utsi umenewu umapweteka mapapo ndi mitsempha yomwe. Phikirani panja nyengo ikalola, boolani zenera, gwiritsani ntchito nkhuni zouma ndi mbaula yosatha nkhuni monga ya Chitetezo.

4. Mowa. Kachasu ndi mowa wina uliwonse womwa mopitirira umakweza BP. Mayi woyembekezera asalawe n'komwe.

5. Mafuta, shuga ndi kunenepa. Mandasi, zitumbuwa, nyama yonona, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga zikakhala za tsiku ndi tsiku, thupi limalemera ndipo mitsempha imadzala mafuta. Kwathu kuno munthu akanenepa timati akusungidwa bwino, koma mimba ikakula kuposa chiuno mtima umasenza katundu. Mwayi tili nawo: dothi la Mchinji limabala mtedza, soya ndi nyemba. Ndiwo zotendera ndi nsinjiro, nsima ya mgaiwa, nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, mbatata, mapapaya ndi mango ndi zakudya zokomera mitsempha.

6. Matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi amadya mitsempha ikuluikulu ndi ing'onoing'ono yomwe. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda kosadziwika chifukwa chake ndi zizindikiro zofunika kukayezetsa. Wodwala shuga aziyang'ana mapazi ake tsiku lililonse ndipo asayende wopanda nsapato.

7. Kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2016, anasonyeza kuti BP ndi HIV ndizo zikuluzikulu zobweretsa sitiroko m'dziko muno, ndipo kwa anthu achichepere HIV ndiyo inali patsogolo. Kuyamba ma ARV thupi lisanafooke ndi kumwa mosadumphitsa kumateteza. Pokatenga ma ARV, pemphani kuti akuyezeninso BP.

8. Mankhwala ogula mwachisawawa. Mapiritsi opha ululu monga Indocid ndi Brufen, akamamwedwa masiku ambiri, amakweza BP ndi kupweteka impso. Kuno ku malire mankhwala amayenda m'zikwama ndi kugulitsidwa pa misika popanda wodziwa mphamvu yake kapena tsiku limene anatha ntchito. Musagule moyo wanu pa mphasa ya wamalonda.

Mayi woyembekezera

Pakati pamasintha thupi lonse. Magazi a mayi amawonjezeka ndi pafupifupi theka, kuti akwanire anthu awiri. Mwa amayi ena, pakati pakapyola milungu 20, mitsempha imafinyika ndipo BP imakwera, ngakhale kale analibe vutolo. Zimenezi zimakonda kugwira wa mimba yoyamba, wa mapasa, wamng'ono kwambiri, wa zaka zopitirira 35, wa shuga, ndi amene zinamuchitikirapo pa mimba ina. Mwana m'mimba salandira chakudya chokwanira, kotero amabadwa wochepa kapena masiku asanakwane. Mayiyo angathe kukomoka ndi kugwedezeka thupi lonse ngati wakhunyu, ndipo amayi ambiri atisiya m'njira imeneyi.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona chimbuuzi kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, ndi ululu pansi pa nthiti za kumanja kapena pa chifu. Kutupa pang'ono kwa mapazi madzulo, kumene kumaphwa pofika m'mawa, n'kwa amayi ambiri. Koma nkhope ikatupa kapena mphete ikakana kutuluka, musagone nazo.

Makolo athu anali ndi malongosoledwe awo a kutupa, monga tsempho kapena mdulo. Ife sitinabwere kudzanyoza mwambo. Pempho lathu ndi lakuti pamene akuluakulu akhala pansi kukambirana za mlanduwo, mayi wotupayo akhale ali kale pa njira ya ku chipatala. Kumeneko kuli mankhwala otsitsa BP ndi jekeseni woletsa kukomoka, ndipo zikavuta amamutumiza ku chipatala cha pa boma kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110.

Yambani sikelo ya amayi apakati miyezi itatu isanathe, ndipo mupiteko maulendo 8. Ulendo uliwonse akuyezeni BP. Vutoli lingathe kubukanso mwana atabadwa kale, choncho musaphonye kukaonedwa pakatha mlungu umodzi ndiponso pakatha milungu 6. Amene BP inakukwererani muli ndi pakati, dziwani kuti ingathe kudzabwerera mukamakula. Muziyezetsa chaka chilichonse.

Mitsempha yotupa ya m'miyendo

Tibwerere ku tizitseko tija. Chiberekero chikalemera chimapsinja mitsempha ikuluikulu ya m'chiuno, ndipo magazi a m'miyendo amachedwa kukwera. Mitsempha imakula, tizitseko timaleka kukumana, magazi n'kumadikha ngati madzi a m'thamanda. Mukatero mumaona mitsempha yokhotakhota yatukuka kuseri kwa bondo ndi pa katumba. Miyendo imalemera madzulo, imayabwa, ndipo usiku imagwira tsemwe ndi kukokana. Mimba zambiri zotsatizana, kunenepa ndi kuima tsiku lonse pa msika zimakulitsa vutoli.

Kawirikawiri mitsempha imeneyi siipha, ndipo ina imaphwa mwana akabadwa. Koma ikakhalitsa khungu la pa kakolo limada ndi kuuma, ndipo pamabuka chilonda chotenga miyezi. Popuma gonani chagada, miyendo mutaisanjika pa thumba kuti ikwere kuposa chifuwa. Wapakati agonere kumanzere. Musamange mwendo ndi chingwe kapena mphira, musakande, ndipo musalole kutemedwa mphini pamenepo. Mtsempha ukaboola n'kuyamba kutaya magazi, gonani pansi, kwezani mwendo, panikizani ndi nsalu yoyera, kenaka pitani ku chipatala.

Matenda a mudzi nawo ndi kutupa kwa mitsempha, koma ya kotulukira chimbudzi. Amadza ndi pakati, kubereka ndi kudzimbidwa. Mgaiwa, masamba, zipatso ndi madzi okwanira zimafewetsa m'mimba. Mukaona magazi pochita chimbudzi, kauzeni anamwino. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Magazi oundana m'mwendo

Pali vuto lina la mitsempha yobwezera magazi limene ndi loopsa koposa, ndipo amayi ambiri sanalimvepo. Mlengi anakonza kuti magazi a mayi wapakati aziundana msanga, kuti asataye ambiri pobereka. Koma mphamvu yomweyo ingathe kuundanitsa magazi mu mtsempha wa m'kati mwa mwendo, umene suoneka ndi maso. Nthawi yoopsa kwambiri ndi milungu 6 yoyamba mwana atabadwa.

Tiyerekeze mayi wa ana anayi amene wachira pa opaleshoni. Wafika kumudzi, walowa m'chikuta, ndipo poopa bala wangogona pa mphasa, madzi akumwa pang'ono kuti asamadzukedzuke. Akatumba aja sakufinyanso mitsempha. Pa tsiku la 10 mwendo wakumanzere watupa kuchokera ku kakolo kufika m'ntchafu, ukutentha ndi kupweteka, pamene wakumanja uli bwinobwino. Apongozi ake, mwa chikondi chawo, akuuthowa ndi madzi otentha ndi kuusisita mwamphamvu. Patapita masiku awiri mayi uja akudzuka kuti ayamwitse, mwadzidzidzi mpweya wamuthera, pa chifuwa pakubaya, ndipo akutsokomola magazi. Chachitika nchiyani? Kachidutswa ka magazi oundana kathothoka m'mwendo, kayenda ndi mtsempha, kadutsa mu mtima n'kukatseka m'mapapo. Zikafika apa munthu angathe kufa pa mphindi zowerengeka.

Mayi ameneyu akadapulumuka pa tsiku limene mwendo unatupa. Lamulo lake ndi lapafupi kulisunga: mwendo umodzi wokha ukatupa ndi kupweteka, musausisite, musauteme mphini, musadikire kuti kuche kawiri. Munyamuleni mayiyo. Ku chipatala kuli mankhwala oletsa magazi kuundana, amene amalandiridwa kwa miyezi itatu kapena kupitirira, ndipo madokotala amasankha oyenera mayi woyamwitsa.

Kupewa kwake ndi kuyenda. Anamwino akakuuzani kuti mudzuke tsiku lotsatira opaleshoni, si nkhanza. M'chikuta momwemo muziimirira ndi kuyendayenda kangapo pa tsiku, muzipinda ndi kuwongola mapazi, ndipo muzimwa madzi ambiri.

Inunso amayi a geni amene mumadutsa pa chipata cha Mwami kupita ku Chipata ndi ku Lusaka, kapena kukwera basi ya ku Johannesburg, mverani. Kukhala malo amodzi maola opitirira 4, miyendo itapanikizika ndi katundu, kumawonjezera ngozi imeneyi. Basi ikaima tsikani muwongole miyendo, ndipo musadzimane madzi poopa kukodza.

Za kulera, kulera kumapumitsa thupi ndi mitsempha yomwe, ndipo tikukulimbikitsani. Koma mapiritsi olera a mphamvu ziwiri sayenera mayi wa BP, amene magazi anamuundanapo, wosuta fodya wa zaka zopitirira 35, kapena amene wangobereka kumene. Njira zina zilipo zambiri. Fotokozani mbiri yanu yonse kwa anamwino kuti akusankhireni yokuyenerani.

Mitsempha ya mwana wanu

Mwina mukuti zonsezi ndi za akuluakulu. Koma mitsempha ya munthu imayamba kumangidwa ali m'mimba. Mwana wobadwa wochepa thupi amakhala pafupi ndi BP akadzakula. Choncho kudya bwino muli ndi pakati, kugona m'neti ndi kumwa mankhwala a sikelo ndi mphatso imene mwanayo adzaidyerera ali ndi imvi.

Muyamwitseni bere lokha miyezi 6 yoyamba. Akayamba phala, thiranimo nsinjiro, soya kapena masamba osinja, koma mchere ndi shuga musam'zoloweze. Lilime limene laphunzira mchere pa msana pa mayi silidzauleka. Musagoneke mwana m'chigafa, ndipo ana asathyole kapena kusoka fodya, pakuti ululu wa m'masamba onyowa umalowera pa khungu.

Pali matenda awiri a ana ofunika kuwadziwa. Zilonda za pakhosi zobwera ndi kutentha thupi, makamaka mwa ana a msinkhu wa sukulu, zikapanda kuchizidwa zingathe kuwononga zitseko za mtima, ndipo mtima wotero umadzabala sitiroko munthu akali wamng'ono. Enawo ndi matenda obadwa nawo a siko selo, amene amatseka timitsempha. Khanda lotupa zala za manja ndi mapazi molira ndi ululu, losowa magazi kawirikawiri, la maso achikasu, likayezedwe.

Tsono tichitenji?

Amayi a boma lino anaonetsa kale dziko lonse zimene angathe. Kuyambira m'chaka cha 2005, pansi pa ntchito ya MaiMwana, amayi a m'midzi ya Mchinji ankakumana m'magulu kukambirana zimene zinali kupha amayi ndi makanda, n'kupeza okha njira zothana nazo. Mutu umodzi susenza denga. Nzeru yomweyo igwire ntchito pa matenda a mitsempha. Gwirizanani m'mudzi mwanu za njinga kapena galimoto yonyamula wodwala usiku, ndi kathumba ka ndalama za ulendo, ngozi isanagwe.

Kwa inu amene mwapezeka kale ndi BP, mawu athu ndi awa. Matendawa sachizika ngati malungo, koma amagonja kwa amene akumwa mankhwala tsiku lililonse. Mukayamba kupeza bwino, ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito, musaleke. Musagawane mapiritsi ndi anansi, ndipo mukatengere ena akale asanathe. Mukaima kapena mukafuna kutenga pakati, uzani dokotala msanga, pakuti mankhwala ena a BP sayenera mwana wa m'mimba.

Kumbukirani kuthamangira ku chipatala mukaona izi:

1. Pakamwa kupotoka, mkono kulefuka kapena mawu kusamveka.
2. Kulemera pa chifuwa kapena kubanika mwadzidzidzi.
3. Mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka.
4. Mutu waukulu, chimbuuzi kapena kutupa nkhope kwa mayi wapakati kapena amene wangobereka.
5. Chilonda cha pa phazi chosapola, kapena chala chimene chayamba kuda.

Mafunso okambirana: Kodi pa khomo panu paketi ya mchere imatha masiku angati? Ndani amasutira fodya pafupi ndi mwana wanu, ndipo mungalankhule naye bwanji mwaulemu? Mayi wa m'mudzi mwanu atakomoka pakati pa usiku, mungamufikitse bwanji kuno?

Mwana akatsika pa sikelo lero, musafulumire kum'bereka ndi kutuluka. Pitani kwa anamwino, pindani malaya a pa mkono, ndipo munene kuti, "Ndiyezeni nanenso." Kuyezako sikupweteka, ndipo kumatha madzi a phala asanawire. Manambalawo awalembe m'kabuku kanu. Mukafika kunyumba mukawafotokozere abambo ndi agogo zimene mwamva, ndipo mwezi wa mawa mudzabwere nawo kuti nawonso adzayezedwe.